Wovuula mitembo amamusambitsa ndani?

Kalata yanu, mayi, inandipeza Lachitatu madzulo ndili pakhonde, magetsi atathima, ndipo ndinaiwerenga kawiri foni isanazime. Mwapempha kuti ndisatchule dzina lanu, ngakhalenso polisi imene bambo akunyumba amagwirako ntchito. Sinditchula. Kwa ena nonse, nkhani ndi iyi: amuna awo ndi wapolisi m'boma lino la Mangochi. Chivuulireni mitembo ya asodzi panyanja miyezi inayi yapitayo, sakugona, akumadzidzimuka usiku thukuta lili kamukamu, ayamba kumwa, ana akawaona akubwera akumathawira kuseri. Kutchalitchi akuti ndi ziwanda. Mayiwa akufunsa ngati kupita nawo kuchipatala kungatanthauze kuti ataya chikhulupiriro.

Nditawawerengera mayi akunyumba kwanga, anakhala chete kaye, kenako anati, "Abambo, si inu nomwe amenewa?"

Amene mwayamba kumene kuwerenga zolemba zangazi, ine ndinayendetsa ambulansi zaka 19 pachipatala china m'boma muno. Yunifomu ya polisi sindinavalepo, koma dalaivala wa ambulansi ndi wapolisi amakumana malo amodzimodzi: pamene minibasi yagubuduzika pamsewu wa ku Liwonde, pamene lole yaduka mabuleki potsika mapiri a ku Namwera, pamene ng'ona yagwira mayi wochapa mu Shire. Ena onse amaima patali, masiku ano ndiye n'kumajambula ndi mafoni. Ogwira timakhala ife.

Chaka sindichitchula chifukwa abale ake akadalipo. Unali mwezi wa June, mwera utalusa. Boti linanyamuka tsidya la kum'mawa litadzaza anthu, matumba a usipa ndi njinga, ndipo silinafike. Amene munakulira m'mbali mwa nyanja mukudziwa kuti nyanja sisunga munthu. Imakhala naye masiku awiri kapena atatu n'kumubweza, koma wobwezedwayo safanana ndi uja inatenga. Galimoto ya apolisi a kumeneko inalibe mafuta, ndiye anaimba foni kuchipatala. Ambulansi si yonyamulira mitembo, koma bwana anati pitani. Pagombe ndinapeza Sajeni wina wachikulire, Myao wa kumapiri, ndi kakonsitabulo kongotuluka kumene kusukulu ya apolisi ku Kanjedza, yunifomu ikadali ndi mizere ya simbi. Magolovesi analipo mapeya awiri, ife tinalipo asanu.

Wachinayi kumukoka anali mzimayi. Titamutembenuza tinapeza kumsana kuli mwana, chitenje chili chimangire, mfundo yake pachifuwa yolimba ngati wamanga m'mawa womwewo. Konsitabulo uja anathamangira kubango kukasanza. Sajeni anayesa kumasula mfundoyo, inakana, ndipo anati asiyeni, apitire limodzi. Ine ndi amene ndinagwira kumiyendo.

Titamaliza, Sajeni anakalemba mu OB, buku lolembamo zochitika papolisi, usiku womwewo anali pa rodibuloko. Konsitabulo anzake anamuseka sabata yathunthu, amvekere wapolisi wanji wosanza. Ine ndinatsuka ambulansi ndi madzi a kolorini, ndipo isanaume n'komwe ndinali nditanyamula mayi woyembekezera amene matenda anali atamuyamba. Palibe anatifunsa kuti mwaswera bwanji.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti makolo athu izi ankazidziwa. Kumudzi munthu sagwira maliro n'kungotenga khasu kupita kumunda. Adzukulu amawaphikira nsima yawoyawo. Pochokera kumanda pamakhala madzi oti aliyense asambe m'manja. Anamfedwa amawagonera pasiwa, kenako kumabwera kusesa ndi kumeta. Anzathu achisilamu kuno amasambitsa mtembo, kuukulunga mu sanda, kunyamula jeneza molandizana kuti kulemera kusagwere phewa limodzi, ndipo ambiri amachitabe sadaka pakatha masiku 40. Mukhoza kutsutsana nayo miyamboyi, mipingo ina imaikana, mashehe ena sadaka saifuna, koma onani chimene imachita. Wokhudza imfa sabwerera yekha kwa amoyo, anzake amamuperekeza. Nanga wapolisi, amene pachaka amagwira mitembo yambiri kuposa mdzukulu aliyense wa m'mudzi mwanu, amamusambitsa ndani? Amachoka pagombe, kukwera kabaza, kukafika ku laini, kunyumba za apolisi, mkazi n'kumuikira nsima ya chambo chochokera m'madzi omwe aja.

Ine nsomba ndi zimene zinandiulula. Ndinakulira kwa Mponda, chambo, utaka, mcheni, kampango ndiye ndiwo zathu, koma kuyambira sabata imeneyo fungo la nsomba likangondipeza m'mimba munkatembenuka. Munthu wokana nsomba ku Mangochi kuno! Apongozi ankaona ngati ndayamba matama. Kumsika ndinasiya kudutsako. Powoloka mlatho wa Bakili Muluzi ndinkangoyang'ana kutsogolo, khosi lili gwa, kuopa kuona madzi. Usiku tulo tikati tindibe, ndinkaona mfundo ija. Nkhope ayi, mfundo yokha. Mayi wobereka mwana akadutsa m'mbali mwa msewu, manja ankanjenjemera pachiwongolero. Kenako ndinatulukira kuti ndikamwa timabotolo tiwiri ndimagona maola atatu osalota, ndiye ndinayamba kumwa ngati mankhwala. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anagwetsa mbale, ndinamukalipira mpaka anakagona kwa aneba. Ine amene pakhomo mawu anga sankamveka n'kuseri kwa nyumba komwe.

Ndine wa Anglican chibadwire, koma munthu ukathedwa nzeru suyang'ana chikwangwani cha mpingo. Alamu anga anandikokera kwa mneneri wina amene anatchuka nthawi imeneyo, wa tenti ndi masipika akuluakulu. Anangondiyang'ana kamodzi n'kunena kuti mzimu wa munthu wofera m'madzi ukunditsata. Thupi lonse linazizira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti alamu anali atawafotokozera kale anyamata a pakhomo. Anandigwira pamutu, kundikankha, ndinagwa, anthu anafuula aleluya. Ndinagula kabotolo ka mafuta odzozera ndi ndalama yoti ikanagula thumba la chimanga. Masiku awiri ndinagona bwino, sindinama. Tsiku lachitatu mfundo ija inabweranso. Nditabwererako anati khomo mwalitsegulanso nokha, chikhulupiriro chanu n'chochepa, musale kudya masiku 7. Munthu wosagona, womwa mowa, woyendetsa odwala pamsewu, asalenso kudya! Ndinachokako nditasenza akatundu awiri, wakale uja ndi wina watsopano wakuti Mulungu wandikana.

Pano ndilankhula mosapsatira, wokwiya akwiye. Poyamba ndinkati abusa otere n'kusadziwa chabe. Masiku ano sindiwapepesera. Mbusa wouza munthu wosweka mtima kuti sakuchira chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa ndi wankhanza, ngakhale anene akumwetulira. Abusa omwewo shuga ikawakwera amathamangira ku Blantyre kukaonana ndi dokotala. Amavala magalasi a maso. Ana awo akadwala malungo amawamwetsa LA, ndipo palibe amene amati LA ndi kusakhulupirira. Koma likakhala vuto la m'mutu, aliyense amasanduka katswiri wa ziwanda. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Chiwanda chimatuluka pa ola limodzi anthu akuonerera, pamene kukhala pansi miyezi 6 kumvetsera munthu mmodzi kulibe owomba m'manja, kulibe mbale ya chopereka.

Kupolisi nako matenda ndi omwewo, angovala yunifomu ina. Kumudzi amati mwamuna salira, kupolisi anyamata amauzana kuti wolira samukweza. Mwamuna wanuyo, mayi, n'kutheka kuti sakuopa chipatala. Akuopa fayilo. Akuopa kuti zikamveka kuti anakaonana ndi namwino wa zamaganizo, anzake azimutchula wa ku Zomba, chifukwa dzina la mzinda wokongola uja tinalisandutsa chitonzo kaamba ka Zomba Mental Hospital. Ndipo boma nalo linatiphunzitsa manyazi amenewa. Lamulo loyendetsera odwala maganizo limene tinakhala nalo zaka zambirimbiri linali la atsamunda, la mu 1948. Malamulo athu a milandu nawo akhala akunena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu. Tangoganizani wapolisi amene anatsekerapo m'chitokosi munthu wopulumuka pa chingwe, lero maganizo omwewo amupeza iyeyo. Akauze ndani? Akadzilembe yekha mu OB?

Ndikudziwa ena mukuti, apolisi omwewa otidyera ndalama pamsewu? Omwewo. Nanenso ndinaperekapo ya fanta, ndili ndi wodwala kumbuyo. Sitinaiwalenso za ku Msundwe mu October 2019, pamene anthu anapha Superintendent Usumani Imedi pomugenda miyala, ndi zonyansa zimene apolisi anachitira amayi a kumeneko pambuyo pake, mpaka khothi linalamula kuti amayi 18 apepesedwe. Wochita zoipa amangidwe, sindikumuchotsera munthu mlandu. Ndikungoti anthu onyamula mfuti, odzaza mkwiyo ndi mantha zimene alibe kozitulira, ndi ngozi kwa akazi awo, kwa ana awo, ndi kwa inu amene mukuwanyozanu. Ngakhale musawakonde, muwafunire tulo.

Si apolisi okha. Kolera ija inayambira ku Machinga mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhaula kwambiri. Ine ndinali nditapuma kale pantchito, koma ndinkawaona alangizi a zaumoyo akupopera mitembo kolorini, akuletsa abale kusambitsa maliro. Kuno kumuuza Msilamu kuti bambo ako apita osasamba si nkhani yaing'ono, ndipo achinyamata amenewa anatukwanidwa zosayamba. Chaka chotsatira mu March kunabwera namondwe wa Freddy, asilikali ndi apolisi akufukula anthu m'matope ku Chilobwe ndi makasu, ena ndi manja. Tinawaombera m'manja pa Facebook. Onsewo alipo, akugwira ntchito, ndipo ena mwa iwo pofika 2 koloko usiku amakhala ali maso.

Amene anandiperekeza ine anali Sajeni uja. Patapita pafupifupi chaka chichitikireni ngozi ya boti ija, anatulukira pakhomo madzulo ena akuchokera kumzikiti, anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, tinapatsana moni, anakhala. Tinacheza za mitengo ya feteleza, za Bullets ndi Wanderers. Kenako mwadzidzidzi anati, "Achimwene, inu mfundo ija mumaiona?" Ndinali ndisanamuuzepo munthu, ngakhale mayi akunyumba. Ndinangoti eya. Iye anati amaona timapazi ta mwana. Tinakhala pakhondepo mpaka atambala, awirife tikulira ngati ana, udzudzu ukutidya osaumva.

Anandiuza kuti anapita kwa shehe wawo akuganiza kuti ndi majini. Sheheyo anamuchitira duwa, koma anamukumbutsanso za mneneri Yakubu, amene analirira mwana wake Yusufu mpaka maso anayera, ndipo palibe anamutcha wosakhulupirira. Anamukumbutsa kuti Mtumiki Muhammad nayenso anali ndi chaka chimene Asilamu amachitcha chaka cha chisoni, pamene anataya mkazi wake Khadija ndi Abu Talib amene anamulera. Ndiye anamuuza mawu odziwika aja akuti yamba wamanga ngamira yako, kenako udalire Mulungu. Sajeni anapukuta m'maso n'kuti, "Ndiye achimwene, ngamira zathuzi tiyeni tikazimange kuchipatala." Ndinaseka koyamba m'miyezi yambiri.

Zinandichititsa manyazi pang'ono kuti Mkhristu ndakamva izi kwa Msilamu, pamene m'Baibulo langa zilimo. Wansembe wathu, nditalimba mtima kumuuza, ananditsegulira 1 Mafumu 19. Eliya, atangochita zozizwitsa paphiri la Karimeli, anathawira kuchipululu, anakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Mulungu sanamudzudzule, sanamuuze kuti asale kudya. Anamusiya agone. Mngelo anamudzutsa, kumupatsa mkate ndi madzi, anagonanso, anamudzutsanso kuti adye. Zokambirana zinadzabwera patapita masiku 40, ku Horebu. Ndipo Ambuye Yesu mwini m'munda wa Getsemane ananena poyera kuti mtima wake wadzaza chisoni chofa nacho, n'kupempha anzake atatu kuti akhale naye maso. Ngati Iyeyo sanafune kuchezera yekha usiku umenewo, konsitabulo wa ku laini ndi ndani?

Chitseko cha namwino wa zamaganizo chinali kumapeto kwa khonde limene ndinkadutsapo tsiku ndi tsiku. Ine ndemwe ndinkaseka anthu okhala pabenchi pamenepo. Tsiku limene ndinakhalapo ndinavala chipewa mpaka m'maso. Namwinoyo anali wamng'ono ngati mwana wanga. Anandimvetsera ola lathunthu, kenako anati zimenezi zili ndi dzina, madokotala amati PTSD, ndipo anazilemba m'buku lawo la matenda mu 1980 ataona mmene asilikali a ku America ankavutikira pobwera kunkhondo ya ku Vietnam. Anandifanizira ndi galu amene anaona wakuba usiku umodzi, kuyambira pamenepo n'kumauwa tsamba lililonse likagwa. Galuyo sanapenge, akugwira ntchito yake, wangosowa womuuza kuti wakuba anapita. Ambiri akaona zoopsa amavutika masabata angapo n'kukhazikika okha. Zikapitirira mwezi, maloto, kudzidzimuka, kuthawa malo ndi fungo lokukumbutsa, kupsa mtima, ndiye kuti pakufunika thandizo.

Ntchito yake inali yowawa. Kufotokoza za tsiku lija mobwerezabwereza, kuyambira pamene foni inalira mpaka pamene ndinatseka chitseko cha ambulansi. Kupita pamlatho n'kuima mphindi 5 ndikuyang'ana madzi, sabata yotsatira mphindi 10. Anandipatsanso mapiritsi amene ndinamwa miyezi ingapo, ndipo anandichenjeza kuti satenga tsiku limodzi kuti ayambe kugwira. Mowa anati umakugoneka koma umaba tulo teniteni, ndiye galu uja amadzuka ali wolusa kuposa dzulo. Kupemphera sindinasiye. Ndinganene kuti m'pamene ndinayamba kupemphera zoona, chifukwa kale ndinkangomuuza Mulungu zimene ndinkaganiza kuti akufuna kumva.

Tsono funso lanu lija, mayi

Ayi, si kutaya chikhulupiriro. Pitani nawo, ndipo popita mupemphere.

Musayambe ndi mawu akuti mwadwala mutu, angakane. Yambani ndi tulo: "Abambo, simukugona, tiyeni akakuoneni." Pachipatala cha boma pa Mangochi boma pano funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Si aliyense amamutumiza ku Zomba, ambiri amathandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ngati akuopa maso a anzawo, a chipatala cha St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ntchito yawo ndi yomweyi. Kupolisi kulinso abusa awoawo, ndipo ena mwa iwo amamvetsa chifukwa anavalapo nsapato zomwezo. Mufufuze amene anali nawo pagombe tsiku limenelo, mumupemphe adzawachezere, inu mupite kwa aneba.

Chimodzi chokha musachizengereze. Akayamba kunena kuti bola kufa, kapena kugawa katundu wawo, afunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo. Akavomera, musawasiye okha, chotsani m'nyumba mankhwala a kumunda ndi osungira chimanga, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo bwana OC, mkulu wa polisi yawo, adziwe kuti asawapatse mfuti. Adzakukwiyirani, koma adzakhala alipo. Ndipo dzanja likayamba kukufikani inu kapena ana, chokani kaye mukakhale kwa abale. Kudwala kwawo sikukulamulani kuti mumenyedwe, ndipo a Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndi a mkazi wa wapolisi yemwe.

Sajeni uja anapuma pantchito, amakhala tsidya la mlatho, ndipo Lachisanu lililonse akatuluka kumzikiti amadzera pano. Ndamuwerengera kalata yanu, dzina ndabisa. Akuti ngati bambowo angalole, abwere adzakhale nafe pakhonde, sitidzawafunsa kanthu mpaka atayamba okha. Mundilembere pa imelo yomwe ija kuti tipangane tsiku. Mayi akunyumba ati tsiku limenelo adzaphika nyemba.